Galu Wameza Mbedza, Njere Kapena Chitsekerero: Chitani Izi Musanamumwetse Chilichonse

Galu akameza chinthu chosadyedwa, ambirife timathamangira kukhitchini. Wina atenga mchere, wina mafuta ophikira, wina dzira laliwisi. Wolimba mtima apisa dzanja kukamwa kwa galuyo kuti asolole. Ndiye pali aja amangoyang'ana n'kunena kuti, "Ndi galu ameneyo, zituluka zokha," basi n'kunyamula khasu ulendo wa kumunda. Njira zonsezi zimatha kupha galu amene akanachira.

Ine ndinaphunzirira pa Ndatani, galu wanga wamawanga. Tsiku lina m'mawa anabwera kuchokera kudoko ku Senga Bay twaini akulendewera pakamwa. Anali atatola usipa wa nyambo pamchenga n'kuumeza ndi mbedza yomwe. Amalume anali atakulunga kale twainiyo kuchala kuti akoke. Mwayi wake galuyo anawadzumira, ndipo mmene iwo ankabwerera m'mbuyo ine ndinali nditaimbira mlangizi wa ziweto. Ndisanamalize n'komwe kufotokoza, iye anati tisakoke.

Zofunika kukhala nazo pafupi

- Chingwe kapena tcheni chomangira galu
- Tochi yowala bwino. Ya pafoni imakwanira
- Chitenje chakale kapena thaulo lokulungira galu
- Magolovesi, ngati mulibe, valani majumbo awiri kudzanja
- Sizasi
- Chopanira chachitsulo chokhala ndi mlomo wautali, ngati cha amakanika
- Sopo ndi ndowa ya madzi, zoti musambe mukalumidwa
- Kamtengo kofufuzira chimbudzi
- Pepala ndi cholembera
- Nambala ya mlangizi kapena dokotala wa ziweto, mayunitsi, ndi ndalama ya thiransipoti
- Munthu mmodzi wamkulu amene galuyo amamudziwa

Mchere, mafuta ndi mapiritsi mulibe m'ndandandawu, ndipo sindinaiwale.

Mphindi zoyambirira

1. Muchotseni pamalopo, mumumange, muone ola.

Tolani zotsala za chimene amatafunacho asanamalize kumeza. Mukamuthamangitsa mukukuwa, galu amameza msangamsanga chimene chili m'kamwa poopa kulandidwa, choncho muitaneni modekha, mumuonetse kanyama kapena mutu wa nsomba kuti alavule yekha. Akalavula kapena akameza, mumangeni pamthunzi. Galu womasuka akayamba kumva kupweteka amakabisala kutchire kapena pansi pa nkhokwe, ndipo chimbudzi chake simudzachiona.

Lembani ola. Mawa mukadzafunsidwa kuti wameza liti, "dzulo chakumasana" sayankha kanthu.

2. Onani ngati akupuma.

Kumeza ndi kutsamwa n'zosiyana. Galu amene wameza amapuma bwinobwino, mwina n'kumangomeza malovu pafupipafupi. Wotsamwa amapalasa pakamwa ndi miyendo yakutsogolo, amatong'ola maso, mpweya umalira potuluka kapena sutuluka n'komwe, ndipo lilime ndi nkhama zimayamba kuda.

Ngati akutsokomola mwamphamvu, musiyeni atsokomole, chifukwa mpweya ukudutsa ndipo akhoza kuchitulutsa yekha. Ngati mpweya sukudutsa, palibe nthawi yoimba foni:

- Kagalu kakang'ono kanyamuleni mutu uloze pansi, mukamenye ndi chikhatho pakati pa mapewa kasanu.
- Galu wamkulu mukwezeni miyendo yakumbuyo ngati mukuyendetsa wilibala. Zikakanika, imani kumbuyo kwake, mumukumbatire pamimba, muike chibakera pamene pathera nthiti, mukanikize mwamphamvu chokweza komanso cholozetsa kumutu, kasanu.
- Yang'anani m'kamwa. Ngati chinthucho chabwera poonekera, chichotseni. Ngati sichinabwere, bwerezani.

Chenjezo: musachite zimenezi kwa galu amene akupuma. Kukanikiza mimba ya galu amene wameza mbedza kapena kamtengo ka kanyenya kumalowetsa chinthucho m'mnofu.

3. Musanapise dzanja m'kamwa, dzifunseni za chiwewe.

Pano ndichedwapo, chifukwa apa ndi pamene ngozi imachoka kwa galu n'kubwera kwa munthu. Galu wachiwewe nthawi zambiri amaoneka ndendende ngati watsamwa ndi fupa. Dovu limatuluka, nsagwada yam'munsi imalendewera, amalephera kumeza, mawu ake amasintha. Mwini wake, pomva chisoni, amapisa dzanja kukafuna fupa lomwe kulibe, ndipo malovu aja amalowa pa kabala kakang'ono ka pachala. Chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikiro mwa munthu sichichizika.

Ndiye funso ndi ili: kodi inuyo, kapena wina wa pakhomopo, munamuona ndi maso akumeza chinthu? Kodi anabayitsa katemera wa chiwewe m'miyezi 12 yapitayi? Ngati simunamuone, katemera sanabayitse, ndipo masiku apitawa analumana ndi galu wachilendo kapena khalidwe lake lasintha, musakhudze pakamwa pake. Mutsekereni, ana atalikire, muitane a zaziweto. Mukalumidwa kapena malovu akagwera pabala, tsukani ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, kenako pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

4. Yang'anani m'kamwa ndi tochi.

Mnzanu amukulunge m'chitenje mpaka m'khosi kuti miyendo isapalase. Gwirani mlomo wakumwamba kuchokera pamwamba pa mphuno, mupindire milomo yake pamano kuti akafuna kuluma ayambe wadzimva yekha, dzanja linalo litsitse nsagwada. Yang'anani malo atatu. Kumwamba kwa m'kamwa, pakati pa mano a mbali ziwiri, ndi pamene fupa kapena kamtengo kamapingasa n'kukanirira. Pansi pa lilime ndi pamene ulusi ndi twaini zimakola. Kenako kukhosi.

Chimene mukuchiona bwino, chosabaya mnofu, chichotseni ndi chopanira. Chimene simukuchiona musachisakesake ndi chala. Mungochikankhira mkati, komanso kuseri kwa lilime la galu kuli timafupa take tachibadwa timene anthu amatikoka poyesa ndi fupa la nkhuku.

Chenjezo: musamange pakamwa galu amene akusanza kapena akuvutika kupuma. Masanzi amabwerera n'kulowa m'mapapo.

Wameza chiyani kwenikweni?

5. Pezani chimene chasowa.

Funsani ana, ndipo muwafunse mofatsa, chifukwa mwana amene akuopa ndodo anena kuti sanaone kanthu pamene ndi iye ankasewera ndi galuyo. Ngati pali chinzake cha chinthucho, monga chitsekerero china kapena mbedza ya saizi yomweyo, chisungeni kuti mukaonetse dokotala. Zinthu zimene agalu amameza sizifanana kuopsa.

Zosadikira, ngakhale galuyo akuoneka wosangalala:

- Mbedza, singano, phini, waya, msomali, galasi, kamtengo ka kanyenya, minga ya nkholokolo. Izi zimaboola.
- Twaini, ulusi, chidutswa cha ukonde kapena cha neti ya udzudzu, mpira wa legeni, nsanza yaitali. Mbali imodzi ikakola pansi pa lilime kapena m'chifu, matumbo amayesa kukankha mbali inayo, n'kumakwinyika ngati siketi ya lasitiki, ndipo chingwecho chimawacheka.
- Batire, makamaka tija tozungulira ta muwotchi ndi mumakiyi a galimoto. Likakhala pammero limawotcha mnofu m'maola ochepa.
- Maginito, makamaka awiri kapena kuposa. Amakokana ali m'mbali zosiyana za matumbo n'kupana mnofu pakati.
- Ndalama yachitsulo, nati kapena bawuti. Zitsulo zina zimasungunuka pang'onopang'ono m'chifu n'kuwononga magazi.

Zimene zimatseka njira chifukwa cha kukula: chitsononkho, njere ya mango, njere ya peyala, sokosi, thewera, jumbo, mwala. Chitsononkho ndicho ndimachiopa kwambiri. Sichigayika, ndi chokhakhala, ndipo kukula kwake kumangokwanira kulowa m'matumbo koma osatulukamo. Nyengo ya mondokwa timataya zitsononkho paliponse, zina zili ndi fungo la mchere ndi moto, ndiye galu angazisiye bwanji? Njere za mango nazo zimachuluka kuyambira mwezi wa Novembala, pamene pansi pa mtengo uliwonse pali phwando.

Zimene kawirikawiri zimadutsa: batani, mkanda, njere ya malambe kapena ya masawu, kachidutswa kosalala ka pulasitiki. Komabe muyeze ndi galu wanuyo. Chitsekerero cha botolo chimene galu wamkulu wa alenje angachitulutse osadziwa n'komwe chikhoza kutseka kamwana ka galu ka miyezi iwiri.

6. Imbani foni tsopano, osati madzulo.

Alangizi a ziweto amapezeka ku ofesi ya zaulimi paboma, ku Salima kapena ku Nkhotakota, ndiponso m'maofesi a zaulimi a m'madera monga Khombedza, Chipoka, Linga ndi Nkhunga. Ntchito yawo yambiri ndi ya ng'ombe, mbuzi, nkhuku ndi katemera, koma amatha kumuyeza galu, kukuuzani ngati n'zodikira, ndi kukulozerani koyenera. Kujambula kwa X-ray ndi opaleshoni ya m'mimba kawirikawiri mumakazipeza ku Lilongwe, ku chipatala cha bungwe loteteza ndi kusamalira nyama la LSPCA kapena kwa madokotala a ziweto oyima paokha.

Muwauze zinthu zisanu: chimene wameza, kukula kwake, ola, msinkhu ndi kukula kwa galuyo, ndi mmene akuonekera panopa. Funsani mtengo wake pafoni pomwepo kuti mudziwe ndalama yonyamula.

Chofulumirira n'chakuti chinthu chikadali m'chifu, dokotala amatha kubaya jakisoni wosanzitsa ngati chili chosalala, ndipo zimenezi zimathandiza kwambiri m'maola awiri oyambirira. Kuchoka pa Kamuzu Road ku Salima kukafika ku Lilongwe pa msewu wa M14 ndi makilomita pafupifupi 100. Mukawonjeza kudikira kuti galimoto idzaze, maola awiriwo atha. Wochokera ku Nkhotakota ali ndi makilomita ena oposa 100 pa M5 asanafike n'komwe ku Salima. Kwa ife a kunyanja, mtunda ndi theka la matendawa, ndipo chisankho chonyamuka chiyenera kuchitika galu akadali wamphamvu.

Ngati ndi mbedza kapena twaini

7. Dulani, mangani, musakoke.

Mbedza ili ndi kaminga koloza m'mbuyo, kamene ntchito yake ndi kukana kutuluka. Msodzi aliyense amadziwa mmene imang'ambira kukamwa kwa kampango poichotsa. Mmero wa galu ndi wofewa kuposa pamenepo, ndipo umadutsa m'chifuwa pafupi ndi mtima ndi mapapo. Mukakoka, mbedza imene inangokhala imazika.

Twaini akalendewera pakamwa, mudulireni kuti patsale utali wonga kuchokera pachigongono kufika kuzala, mumangirire mbali yotsalayo ku kolala kapena ku kansalu ka m'khosi, mosakoka, kuti galu asapitirize kumeza komanso asaiponde poyenda. Dokotala adzaifuna twainiyo. Musamupatse chakudya, chifukwa adzafunika kumugoneka ndi mankhwala.

Mbedza ikabaya mlomo kapena lilime poonekera, njira yake ndi kuipitiriza kutsogolo kuti kaminga katulukire, kukadula, n'kubweza chotsalacho. Kunena n'kosavuta. Pa galu wamaso, amene akumva ululu, mudzangolumidwa. Isiyireni wa jakisoni.

Ndatani tinamukweza m'galimoto ya mnzathu wogulitsa nsomba, atagona pa chiguduli pakati pa madengu. Chithunzi cha X-ray chinaonetsa mbedza ili chakumunsi kwa khosi, yowala mbee ngati yojambula ndi choko, isanazike. Anamugoneka n'kuichotsera kukamwa. Amalume ataona chithunzicho pafoni sanayankhule, anangopukusa mutu n'kuyang'ana chala chawo chija.

Lamulo lomweli ligwire ntchito chingwe chikatulukira kumbuyo. Mukaona ulusi kapena nsanza ikulendewera kotulukira chimbudzi, dulani mbali yakunjayo ndi sizasi, yotsalayo muisiye. Simukudziwa kuti mbali inayo yakola pati.

Ngati dokotala wati mudikire kunyumba

8. Mudyetseni zofewa, pang'onopang'ono.

Izi ndi za galu amene wameza kanthu kakang'ono kosalala, sakusanza, ndipo akudya. Mupatseni chakudya chofewa chokhala ndi zokhutitsa: maungu ophika ophwanya, mbatata yophika, mpunga wofewa wosakaniza ndi msuzi wopanda tsabola, kapena buledi woviika. Mugawireni kanayi kapena kasanu patsiku m'malo momuunjikira mbale imodzi. Cholinga n'chakuti chakudyacho chikute chinthucho n'kuyenda nacho. Mkute wouma wa nsima kapena wa kondowole si wa masiku amenewa, mafupa ndi minga ya nsomba ayi ndithu.

Madzi akhale pafupi nthawi zonse. Kutentha kwa kuno mwezi wa Okutobala kumaumitsa galu wabwinobwino, nanji wodwala.

Akangosanza kamodzi kapena kawiri atadya, siyani kumudyetsa, muimbenso foni. Kuthira chakudya pamwamba pa njira yotseka kumangowonjeza ululu.

9. Fufuzani chimbudzi chilichonse.

Ntchito iyi ndi imene anthu amaithawa, n'chifukwa chake ambiri sadziwa ngati chinthu chinatuluka. Chakudya chimatenga maola 10 mpaka 24 kuti chidutse m'thupi la galu, koma chinthu cholimba chimatha kuchedwerapo, masiku awiri kapena atatu.

Muyendetseni pachingwe m'mawa, masana ndi madzulo. Akachita chimbudzi, valani jumbo kudzanja, mutenge kamtengo, muphwanye chimbudzicho mpaka chonse chitafalikira. Musangoyang'ana pamwamba. Batani limatuluka litakutidwa, losintha mtundu, ndipo mukhoza kulipitirira. Kamtengo kakagunda cholimba, thirani madzi pang'ono muone. Mukachipeza, yerekezani ndi chinzake chija munasunga: kodi chatuluka chathunthu, kapena ndi theka? Mukatha kwirirani chimbudzicho, musambe m'manja ndi sopo. Ana asachite nawo ntchitoyi, chifukwa m'chimbudzi cha galu mumakhala mazira a njoka zam'mimba.

Usiku agone pamalo otsekeka, kuti chimene wachita muchipeze m'mawa nkhuku ndi nkhumba zisanakuyambireni.

10. Muyezeni katatu patsiku, muzilemba.

Kwezani mlomo muone nkhama. Za galu wabwino zimakhala zofiirira pang'ono ndi zonyowa. Dinikizani ndi chala: poyera pamene mwasiyapo pabwerere mtundu wake masekondi awiri asanathe. Tsinani chikopa cha pamapewa n'kuchisiya. Chikabwerera msanga, madzi m'thupi alimo. Chikaima ngati hema, galu wauma. Gwirani mimba mofatsa ndi zikhatho ziwiri, osafinya. Ngati muli ndi choyezera kutentha kwa thupi, galu wabwino amakhala pakati pa madigiri 38 ndi 39.

Nyamukani osadikira kuti kuche mukaona chimodzi mwa izi:

- Kusanza mobwerezabwereza, makamaka akamasanza ngakhale madzi
- Kubweza chakudya chosagayika atangomeza, kutambasula khosi, ndi dovu losatha. Apa chinthu chakhala pammero
- Kukana chakudya tsiku lathunthu
- Mimba yotupa, yolimba, kapena kulira mukaigwira
- Kugwada ndi miyendo yakutsogolo, chifuwa pansi, matako m'mwamba, n'kukhala choncho nthawi yaitali
- Kudzikakamiza kuchita chimbudzi koma osatuluka kanthu
- Chimbudzi chamagazi kapena chakuda bii ngati phula
- Nkhama zoyera, zotuwa kapena zouma
- Kufooka, kubisala, kusagwedeza mchira mukamuitana

Kutsegula m'mimba kusakupusitseni. Njira ikatsekeka mbali imodzi, zamadzimadzi zimadutsa m'mphepete, mwini galu n'kumati zikuyenda. Chitsononkho chimathanso kukhala m'chifu milungu ingapo, galu akusanza lero, mawa ali bwino, akuonda pang'onopang'ono, mpaka tsiku limene chidzatsikire m'matumbo. Choncho masiku atatu akatha chinthu chisanaoneke, imbaninso foni ngakhale galuyo akusewera.

Matumbo akatsekeka, mbali yopanikizikayo imasowa magazi n'kuyamba kufa. Ikabooka, zam'kati zimatayikira m'mimba, ndipo pamenepo ngakhale opaleshoni imavuta kupulumutsa. Kamwana ka galu kamafooka msanga kuposa wamkulu, tsiku limodzi lakusanza limakakwanira.

Ulendo wa kuchipatala

11. Konzani galu, konzani galimoto.

Imbirani chipatalacho musananyamuke kuti mudziwe ngati dokotala alipo ndi ola limene amatseka. Musamudyetse. Kagalu kaikeni m'katoni yoboola mabowo kapena m'dengu loyala chitenje. Wamkulu agone pa chiguduli, womangidwa chingwe chachifupi, mutu uli chotsika pang'ono kuti akasanza zituluke. Musamutsekere m'buti ya galimoto, ndipo musamuike m'thumba lomanga kukamwa pa kabaza. Dzuwa la pa msewu wa Salima likhoza kumumaliza asanafike pa Mvera. Ngati n'kotheka nyamukani m'bandakucha.

Kambiranani ndi dalaivala musanafike ndi galu pasiteji. Ambiri a minibasi amakana, ena amafuna mulipire mpando wonse wakumbuyo. Galimoto za katundu zopita ku Lilongwe nthawi zambiri ndi zimene zimavomera.

Nyamulani khadi la katemera, pepala lija mwakhala mukulembapo, chinzake cha chinthucho, madzi, ndi nsanza zopukutira. Dziwani kuti X-ray imaonetsa bwino chitsulo, mwala ndi fupa, koma nsalu, pulasitiki ndi chitsononkho sizioneka bwino. Dokotala akati ajambulenso pakapita maola angapo, kapena agwiritse ntchito makina ena, sikuti akufuna kukudyerani ndalama.

Ngati ndalama ya opaleshoni palibe, nenani poyera kuti mukambirane zimene zingatheke. Kubwerera naye kunyumba mwakachetechete kuti akafe yekha ndi matumbo otseka ndi imfa yowawa ya masiku angapo, ndipo dokotala ali ndi njira yomugonetsa mosamva ululu ngati palibenso chochita.

12. Mukabwerako.

Tsatirani mankhwala mpaka atathe. Chakudya chikhale chofewa, chochepa, pafupipafupi. Asanyambite bala. Ngati sanakupatseni chotchinga cha m'khosi, dulani pansi pa kandowa kapulasitiki, mukulunge m'mphepete ndi nsalu, mumuveke. Ulusi wa pabala amachotsa pakatha masiku 10 mpaka 14, ndipo mpaka tsikulo asapite kunyanja kukasambira. Bala likatupa, likatuluka mafinya, kapena akayambanso kusanza, imbani foni.

Zolakwa zimene anthu amabwereza

Kumumwetsa madzi a mchere kuti asanze. Iyi ndiyo mfumu ya zolakwa zonse, ndipo amene amailangiza amalankhula motsimikiza kwambiri. Mchere wambiri ndi poizoni kwa galu: umabweretsa kunjenjemera, kukomoka, ngakhale imfa, makamaka akapanda kusanza. Akasanzanso, chinthu chakuthwa chimabaya kachiwiri pobwerera, ndipo chachikulu chimatha kukakamira pakhosi.

Kumuthira mafuta ophikira kukamwa mokakamiza. Galu akamalimbana nanu, mafutawo amalowera njira ya mpweya n'kuyambitsa chibayo. Ndiponso mafuta sangasunthe chitsononkho chimene chakanirira. Za parafini ndi mafuta a galimoto tisakambe n'komwe. Mkaka ndi dzira laliwisi sizisungunula chitsulo, zimangomutsegula m'mimba n'kusokoneza zizindikiro zimene mukuyang'anira.

Kumupatsa mapiritsi athu opha ululu. Ibuprofen ndi diclofenac zimayambitsa zilonda zam'mimba ndi kuwononga impso za galu. Panado nayenso si womupatsa popanda dokotala. Komanso ululu ukabisika, inu muganiza kuti wachira.

Mankhwala otsegula m'mimba, a kusitolo kapena azitsamba. Amakakamiza matumbo kukankha mwamphamvu pamalo potseka.

Kukhulupirira kuti poti wadya ndiye kuti ali bwino. Galu wa mbedza m'chifu amatha kudya tsiku loyamba mosangalala. Ndatani ankagwedeza mchira m'galimoto monse mpaka ku Lilongwe.

Kusokoneza kumeza chinthu ndi kudya poizoni. Galu amene mwadzidzidzi akunjenjemera, akutuluka thovu, akutsegula m'mimba ndi kugwa, mwina wadya nyambo ya mankhwala a makoswe kapena a m'munda. Pamenepo za kudikira chimbudzi palibe. Nyamulani paketi ya mankhwalawo ngati mwaipeza, muthamange.

Kumumenya chifukwa wameza. Ulendo wina adzathawira nacho kuseri kwa bafa n'kumeza inu osaona.

Kubwerera ku zakale galu akachira. Amene wameza kamodzi amamezanso. Dzala likhale lakuya kapena lotchinga, zitsononkho muziponya pamoto, matewera muzikwirira, mabatire akutha asamagwere pansi. Ngati m'nyumba muli msodzi, mbedza zokhala ndi nyambo azipachika pamwamba kapena azitsekera m'chitini akangofika, osazisiya m'bwato kapena pakhonde. Kudoko m'mawa, pamene asodzi akukonza zingwe zawo ndipo nyambo zotsala zili mbwee pamchenga, galu aziyenda pachingwe kapena atsale kunyumba.